NG'ANJO ZA MAKOLO NDI GOLIDI WA KWA MPEZENI

Ana a masiku ano, poona khasu la m'sitolo lokhala ndi cizindikiro ca dziko lakutali, ayesa kuti citsulo cinafika kuno ndi Azungu pamodzi ndi sopo ndi macesi. Si tero ai. Makolo athu anali kuyenga citsulo ca m'nthaka yomwe ino, nasula makasu ndi nkhwangwa, kale lomwe Mzungu asanamve dzina la mtsinje wa Luangwa. Tsono ndifuna kulongosolera anzanga okhala m'tauni za zitsulo ziwiri za dziko lathu la kum'mawa lino: cina cinali cambiri koma cinalekeka, cina cinali capang'ono koma ndico cinatilanditsa dziko.

Kumpoto kwa Chipata, kufupi ndi malire a Malawi, kuli malo ochedwa Kamnama. Kumeneko Bwana D. W. Phillipson, amene anali pa nchito yosunga zinthu zamakedzana za m'Zambia, anakumba pa bwinja la mudzi waukulu, napeza mapale a miphika pamodzi ndi zotsalira za citsulo coyengedwa. Poyesa makala a pamenepo kunapezeka kuti mudziwo unalipo zaka zoposa 1,500 zapitazo, ndipo iye analemba zimenezi m'buku lace la mu 1976. Anthu ajawo anakhala kuno Kalonga ndi Undi asanamveke. Anali kukhala moyandikana ndi anthu aafupi aja makolo amati Akafula, amene anali kubisala m'mapanga monga la ku Thandwe, nasema mibvi yao ndi miyala ngakhale anansi ao anali nazo kale zitsulo.

Za kayengedwe kace ndinazimva kwa agogo anga aamuna, amene atate ao anali mwini ng'anjo, ndipo ndazilinganiza ndi zimene analemba anthu ophunzira amene anapempha nkhalamba za ku Kasungu ndi za kwa Aphoka kuti ziumbenso ng'anjo m'zaka za m'ma 1980. Mau a agogo ndi mau a m'mabuku agwirizana pa zambiri.

Nchitoyi inali ya m'cilimwe, anthu atatha kukolola. Poyamba anali kufuna mtapo. Mwala wa citsulo wa kwathu kuno suli pansi patali ai. Upezeka m'mphepete mwa madambo ndi m'munsi mwa mapiri, wofiirira, wolemera m'dzanja, wina wobooka-booka ngati cisa ca ciswe. Anyamata anali kuukumba ndi kuusenza m'madengu, ndipo akulu anali kuuphwanya kufikira utacepa ngati mtedza, nataya wonse umene anauona kuti ngwacabe. Kudziwa mwala wabwino ndi diso ndi dzanja ndiko kunali ciyambi ca umisiri. Atatero anali kutema mitengo yolimba, makamaka muwanga ndi mkalati, naiocha makala. Makala anali kufunika ambiri koposa mwala womwe, kotero kuti oyenga anali kutsata nkhalango. Ndico cifukwa cace mabwinja a ng'anjo tiwapeza kawiri-kawiri kuchire kumene lero kulibe mudzi.

Ng'anjo yeniyeni anali kuiumba ndi dothi la pa culu. Inali yaitali kuposa munthu woimirira, yotakata kunsi ndi yocepa kukamwa. M'munsi mwace anali kusiya timakomo kuzungulira, nalowetsamo mipope ya dothi. M'kati anali kuyala makala, kenaka mwala, kenaka makala, comweco kufikira itadzaza. Cozizwitsa ncakuti ng'anjo yaikuluyi inalibe mvukuto. Moto ukakolera, mpweya wotentha unali kukwera kutulukira kukamwa, ndipo mpweya wina unali kulowa wokha m'mipope muja, monga icitira mbaula yoboola bwino. Moto unali kuyaka usiku ndi usana, masiku awiri, atatu, ngakhale kupitirira, amisiri alikugona pambali pace mosinthana ndi kuyang'ana maonekedwe a lawi lotuluka pamwamba.

Nanga m'katimo munali kucitika ciani? Mwala wa citsulo ndiwo citsulo cogwirana ndi mpweya, monga momwe liliri dzimbiri la pa khasu lotayidwa pa mvula. Makala akamayaka mothinana amatulutsa mpweya wina wosaoneka wokhala ndi njala, ndipo umenewu umalanda mpweya uja uli m'mwala, citsulo n'kutsala cokha. Ambiri ayesa kuti citsulo cinali kusungunuka ndi kuyenderera ngati phala, koma ai. Citsulo cisungunuka pa madigiri 1,538, pamene ng'anjo ya makala inali kufika pafupi ndi 1,200. Cimene cinali kusungunuka ndi dothi ndi mcenga wa m'mwala, ndipo zimenezi zikazizira ndizo miyala yakuda yonyezimira ija alimi amaitema ndi khasu m'minda ya kwa Mkanda ndi ku Chadiza osadziwa kuti nciani. Citsulo cinali kutsala m'kati ngati cibuma cosakanikirana ndi zinyalala. Cifukwa cakuti mwala wa kuno ngwosauka, zibumazo anali kuziphwanya ndi kuziikanso m'kang'anjo kakang'ono, ndipo apa ndipo panali kugwira nchito mivukuto ya cikopa ca mbuzi. Zikacoka m'menemo zinali kupita ku cipala kwa wosula.

Ng'anjo inali ndi miyambo yace yoopsa. Amisiri anali kudika masiku onse a nchitoyo, osayandikira akazi ao, ndipo mkazi wamsinkhu wobala sanali kuloledwa kufika pa malopo. Pansi pa ng'anjo anali kukwirira mankhwala amene mwini ng'anjo yekha anawadziwa. Agogo anandimasulira kuti ng'anjo anali kuiyesa mkazi wapakati, ndi amisiri amuna ace, ndi citsulo mwana. Tsono mmisiri wogona kumudzi anali ngati wacita cigololo, ndipo ng'anjo ikalephera anali kunena kuti yapita padera, nayamba kufunsana kuti wotentha ndani pakati pao. Ife a sukulu tifulumira kuseka zotere. Koma ine ndiona kuti lamulo limene lisunga amuna khumi pamodzi kuchire, opanda mowa ndi opanda ndeu za kumudzi, maso ali pa moto kufikira nchito itatha, silinali lamulo la anthu opusa. Linalinso kusunga cinsinsi ca umisiri m'banja limodzi, pakuti cinali cuma.

Wosula anali kukhala pafupi ndi mudzi, pansi pa kacisakasa. Posulira pace panali mwala waukulu wosalala, ndipo nyundo yace yoyamba inalinso mwala wolemera womangidwa ndi luzi. Anali kufiiritsa cibuma ndi kucipanda kufikira zinyalala zonse zitathothoka. M'manja mwace munali kucokera makasu, nkhwangwa, nsompho, mipeni, malumo ometera, zingano zolukira mphasa, mibvi, mikondo, mbedza, ngakhale timano ta kalimba. Khasu lamakedzana linali lobulungira ngati tsamba, lokhala ndi msuka wosongoka wolowa m'mutu wa mpini. Likatha ndi kulima sanali kulitaya; wosula anali kulisandutsa mpeni, mpeni ukatha usanduka mubvi, mubvi ukathyoka usanduka zingano.

Khasu linali ndalama ya masiku amenewo. Munthu anali kulipa nalo mlandu, kugula nalo mcere kapena mbuzi, ndipo makasu anali pakati pa mitulo yopita kwa Undi pamodzi ndi minyanga ndi zikopa za nyalugwe. Mpwitikizi wina, Antonio Gamitto, amene anadutsa m'dziko la Amaravi ndi Acewa mu 1831 pa ulendo wocokera ku Tete kunka kwa Kazembe, analemba za kuyenga kwao ndi za makasu ao amene anali malonda ofunika m'cigwa ca Zambezi. Nayenso Dotolo Livingstone anatenga makasu a anthu akuda, ena a kwa Sekeletu ndi ena ogula ku Quelimane, napita nao kwao. Ndipo m'buku lace la mu 1857 anasimba kuti bwenzi lace la ku Birmingham linasula nao mfuti. Citsulo coyengedwa ndi makala a mitengo cimakhala cofewa bwino posula ndiponso sicithyoka msanga.

Mkuwa kuno kunalibe woti n'kukumba wambiri. Unali kubwera ndi amalonda, makamaka Abiza, kucokera ku Katanga ndi ku migodi yamakedzana monga ya ku Kansanshi, woumbidwa ngati mtanda kuti usabvute kunyamula ndi kuwerenga. Mitanda yotere inapezeka m'manda a ku Ingombe Ilede, kufupi ndi Zambezi, mu 1960. Amisiri anali kuukoka mkuwawo kukhala nsambo za zigwinjiri za akazi a mafumu. Unali wa ulemu, koma sunadyetse munthu.

Tsono ndifike pa golidi. Acewa sanali kumsamala golidi, pakuti ngwofewa, sasulika khasu kapena mkondo. Amene anali kumfuna ndi Apwitikizi a ku Tete. M'zaka za m'ma 1700 iwo anapempha malo kwa Undi, natsegula timigodi kumpoto kwa Zambezi, monga Mano ndi Java, kum'mwera kwa malire athu a lero ndi Mozambique. Okumba ndi kusefa mcenga anali akazi akapolo, ndipo amuna, Acikunda, anali kulonda ndi mfuti ndi kusaka njobvu. Golidi wa m'migodi imeneyi sanali wambiri, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1800 yambiri inali itasiyidwa. Koma mbiri yace sinafe. Inatsala m'mapepala a ku Lisbon ndi m'kamwa mwa amalonda, ndipo inali kukula pamene inali kuyenda, monga icitira mbiri ya nyama imene mlenje sanabwere nayo kumudzi.

Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu November 1835, tsiku lija dzuwa linada. Patapita zaka zambiri za ulendo, mwana wace Mpezeni anadzakhazikika ndi anthu ace m'mapiri ano, m'dziko limene linali la Mkanda ndi mafumu ena a Acewa. Akulu amati Angoni anali kusamala kwambiri wosula akamgwira pa nkhondo, pakuti mikondo ya asilikali inali kutuluka m'cipala ca Mcewa, Mnsenga kapena Mtumbuka. Kotero ng'anjo sizinazime ndi nkhondo za Angoni, ngakhale midzi yambiri inathawira m'malinga ndi m'mapiri.

M'zaka za m'ma 1880 kunafika kwa Mpezeni Mjeremani wogula minyanga, dzina lace Carl Wiese. Anapalana ubwenzi ndi mfumu, ndipo mu 1891 anatuluka ndi kalata yonena kuti Mpezeni wampatsa mphamvu yokumba miyala m'dziko lalikulu ndithu, lina la ilo losakhala la Mpezeni konse. Kalata imeneyi inagulitsidwa ku Ulaya, ndipo mu 1895 kunabadwa kampani yochedwa North Charterland Exploration Company, imene kampani ya Cecil Rhodes inaipatsa dziko la masikweya mailosi 10,000. Eni ndalama a ku London anakhulupirira kuti pansi pa makola a ng'ombe za Angoni pali golidi wonga wa ku Johannesburg. Anthu a kampani atafika mu 1896 nayamba kuyenda-yenda m'mitsinje ndi mbale zosefera, anyamata a nkhondo, motsogozedwa ndi Nsingo mwana wa Mpezeni, anazindikira kumene zinthu zilikupita, ngakhale mfumu yokalambayo inafuna mtendere. Kumapeto kwa 1897 Wiese anatumiza mau kuti wazingidwa, ndipo mu January 1898 asilikali anafika kucokera ku Nyasaland ndi mizinga ndi mfuti za Maxim.

Nkhondoyo sinakhalitse. Mkondo wa m'ng'anjo ya dothi unakomana ndi mfuti yolabvula zipolopolo mazana pa mphindi imodzi. Midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa, Nsingo anaomberedwa mu February 1898, ndipo Mpezeni anasungidwa ku Fort Manning, kumene lero ndi ku Mchinji. Atabwezedwa kwao anamwalira mu 1900. Pafupi ndi Kapatamoyo panamangidwa boma la Fort Jameson, limene linakhala likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911, ndilo Chipata wathu uno.

Nanga golidi uja anapezeka? Anapezeka pang'ono ku Sasare, cakumpoto kwa Petauke, kumene mgodi unagwira nchito kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, ndi timadontho m'mitsinje ina. M'dziko la Mpezeni lenileni, limene linathirirwa mwazi, simunatsegulidwe mgodi waukulu ngakhale umodzi. Kampani poona tero inatembenukira ku nthaka yeniyeniyo, niyamba kugulitsa mafamu kwa Azungu olima fodya. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 anthu anasamutsidwa kupita m'malo ochedwa marizevu, mmene anathinana kufikira nthaka inaguga ndi mitengo inatha, pamene mbali yaikulu ya dziko la kampani inangokhala chire la nyama ndi kashembe. Boma linagula dzikolo kwa kampani mu 1941 ndi kuyamba kubwezamo anthu. Owerenga aone kuti zaka zonsezo, kuyambira 1891 kufikira 1941, ndi zaka 50 zimene zinacokera pa kalata imodzi yonena za miyala.

Ng'anjo zinazima m'nyengo yomweyi, ndipo palibe lamulo limodzi limene tingaliloze kuti ndilo linazizimitsa. Msonkho wa nyumba, wa masheleni 3, unayamba kuciyambi kwa ulamuliro wa kampani, ndipo sunali kulipidwa ndi khasu. Amuna amphamvu, omwe aja oyenera kutema muwanga ndi kusenza mtapo, ananyamuka wapansi kuoloka Zambezi kunka ku Walale, ku migodi ya golidi ya ku Southern Rhodesia, ku malasha a ku Wankie, ena mpaka ku Joni. Pomwepo masitolo a Mandala ndi a Amwenye a mu Fort Jameson anadzaza ndi makasu a ku Ulaya. Akazi okalamba anali kuwanyoza kuti sakhalitsa ngati a kumudzi, koma munthu anali kuligula ndi malipiro a masiku owerengeka, pamene la m'ng'anjo linali kufuna amuna khumi ndi mwezi wathunthu. Osula nao anapeza kuti cidutswa ca ngolo kapena sipuling'i ya galimoto cisulika bwino popanda kudika. Wosula anatsala, woyenga anatha. Ndipo atate a agogo anga anamwalira osaphunzitsa mwana ali yense mankhwala a pansi pa ng'anjo, pakuti ana onse anali ku ulendo.

Pambuyo pace njira inatembenukira kumadzulo. Ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, kunapezeka mtobvu ndi zinki mu 1902. Migodi yaikulu ya mkuwa inayamba kutulutsa: Roan Antelope ya ku Luanshya mu 1931, Nkana mu 1932, Mufulira mu 1933. Mkuwa uja makolo anali kubvala kumiyendo tsopano unafunika m'maiko onse, cifukwa magetsi ayenda bwino m'nsambo zace, ndiponso pa nkhondo ya 1939 kufikira 1945 unali kupangira zipolopolo. Zinki ndiye amakutira malata kuti asacite dzimbiri, ndipo mtobvu uli m'mabatire a magalimoto. Anthu a kum'mawa ambiri anapita ku Kopala, ena pansi pa mgodi, ena kukhala akalaliki ndi apolisi cifukwa ca sukulu za mishoni. Pobwera anali kusenza zitsulo za mtundu wina: njinga, makina osokera, masefuliya, bokosi la citsulo lokhala ndi loko, ndi malata a padenga, ndipo m'thumba munali makobiri obooka pakati, amene dzina lao lomwe licokera ku dzina la mkuwa m'cinenero ca Azungu. Njinga inakondedwa kuno kotero kuti masiku a Pulezidenti Kaunda m'Chipata munamangidwa fakitale ya Luangwa Industries yopanga njinga za Eagle. Njanji inacedwa koposa zonse: inafika kuno kucokera ku Mchinji mu 2010.

Umisiri wa zipala ulipobe. Pa misika yathu, monga pa Kapata, pali amisiri odula malata akale ndi migolo napanga mbaula, ndowa, zothirira m'dimba ndi misampha ya makoswe. Ena asula nkhwangwa ndi zikwanje ndi masipuling'i, ndipo mvukuto wao tsopano ndi gudumu la njinga lozunguza kacipupizo. Enanso asungunula zidutswa za aluminiyamu, imene isungunuka pa madigiri 660 cabe, naithira m'cikombole ca mcenga kupanga mapoto olemera amene amai amawakonda pophika nsima ya pa maliro. Apa ndicenjezepo. Mmisiri wosasamala akaponyamo zidutswa ziri zonse za galimoto, mtobvu umalowa m'poto, ndipo mtobvu sutuluka msanga m'thupi. Umaononga ubongo wa mwana mwakacetecete. Anthu a ku Kabwe adziwa zimenezi, pakuti mgodi wao unatsekedwa mu 1994 koma ana ambiri a m'makomboni oyandikana nao apezekabe ndi mtobvu m'mwazi. Wogula poto afunse cimene anasungunula.

Mbiri ya golidi nayo yaukanso. M'zaka zino anyamata ndi akazi akhala akukumba ndi kusefa mcenga ku Vubwi, ku Petauke ndi ku Lumezi, ndipo golidi alikupezeka ndithu, wokwanira kugula njinga yamoto kapena malata, ngakhale ena maenje awagwera. Ambiri amgwira ndi mercury, citsulo cija camadzi-madzi coyera ngati siliva. Amacithira m'mcenga wosefa, ico n'kumata timadontho ta golidi, kenaka amaocha kabuluko pa supuni kuti mercury auluke. Utsi umenewo ndi ululu. Umalowa m'mapapo mwa woochayo ndi mwa mwana ali kumbuyo kwa amace, ndipo wotsala amatsikira mu mtsinje kukalowa m'nsomba. Maiko anapangana za kucepetsa mercury mu 2013, nacha panganolo dzina la Minamata, mzinda wa ku Japan kumene anthu ambiri analumala ndi kufa atadya nsomba zotere.

Pa nchito yanga ya ukalaliki mapepala a za malo amadutsa m'manja mwanga, ndipo ena mwa iwo ngofuna kufufuza miyala. Amalembedwa m'Cingerezi ca maloya, ndi manambala a mapu amene nyakwawa ya kumudzi singathe kuwalinganiza ndi mtsinje kapena manda a anthu ace. Ndaonapo pepala lokhala ndi zidindo za zala za anthu a mudzi wathunthu, ndipo nditafunsa mmodzi wa iwo cimene anabvomera, anati anauzidwa kuti ndi kalembera wa feteleza. Malamulo a dziko lino anena kuti miyala ya pansi iri m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu onse, ndipo cilolezo cokumba cicokera ku boma. Mfumu iri ndi mau pa nthaka ya pamwamba, ndi pa minda ndi midzi iri pamenepo. Munthu ali yense wofunsidwa cala cace ali ndi ufulu wopempha kuti pepalalo limasuliridwe m'Cinyanja pamaso pa mboni, ndi kuti kope lace litsale m'mudzi.